Kodi tipemphere pafupi kapena kutali?

Pali funso limene likubwera kawirikawiri m'maofesi a abusa masiku ano, makamaka m'mizinda yathu. Banja lakhala zaka 15 kapena 20 m'nyumba ya lendi ku Kawale kapena ku Ndirande. Mulungu walichitira chifundo, lagula puloti ku Area 49 kapena ku Chileka, lamanga, lasamuka. Katundu yense wakwera lole, kupatula chinthu chimodzi: mpingo. Tchalitchi chimene bambo ndi mayi adadalitsiramo ukwati wawo, chimene ana adabatizidwiramo, chimene adachisonkhera njerwa ndi malata, chatsala m'mbuyo. Kumalo kwatsopanoko kuli kachisi wina, mwinanso wa mpingo wawo womwewo, wofikako wapansi m'mphindi 10 zokha. Tsono atani? Alowe pafupipo, kapena azibwerera Lamulungu lililonse kumene adachokera?

Funsoli lingaoneke laling'ono, koma taona mabanja akusiyana nalo maganizo, bambo akulowera kwina mayi kwina, ana osadziwa woti amutsate. Taonanso ena amene adazengereza kusankha mpaka adaleka kupemphera konse. Chikhulupiriro sadachitaye ayi. Chidawagonjetsa ndi mawu akuti "tipita sabata yamawa", obwerezedwa chaka chathunthu. Ndipo mabanja otere akunka nachuluka. Kalembera wa mu 2018 adapeza kuti mumzinda wa Lilongwe mudali anthu pafupifupi 990,000, ndipo mu Blantyre mudali 800,000. Mzinda ukamakula chotere umatambasuka, ndipo mtunda wa pakati pa khomo la munthu ndi khomo la tchalitchi chake umatalika nawo.

Tiyambe ndi kuchenjeza amene angafulumire kunena kuti nkhaniyi njosavuta, munthu angolowa pamene pali pafupi. Baibulo lili ndi nkhani yowawa ya mfumu imene idagwiritsa ntchito mfundo yomweyo. Solomo atamwalira, pafupifupi zaka 930 Khristu asanabadwe, ufumu wa Israele udagawika pawiri. Yerobiamu, amene adatenga mafuko 10 a kumpoto, adaona kuti anthu ake akapitiriza kukwera ku Yerusalemu kukapereka nsembe, mitima yawo idzabwerera kwa Rehabiamu, mfumu ya Yuda. Pa 1 Mafumu 12 timawerenga kuti adapanga anaang'ombe awiri agolide, naika wina ku Dani, kumpoto kwenikweni kwa dziko, wina ku Beteli, ndipo adauza anthu kuti ulendo wa ku Yerusalemu ngolemetsa. Taonani kuchenjera kwake. Beteli adali pa njira yomweyo yopita ku Yerusalemu, pamtunda wosafika makilomita 20 kuchokera ku Kachisi wa Solomo. Munthu wotopa, amene wayenda masiku awiri akukoka nkhosa yake, ankapeza guwa lansembe likumudikira m'mbali mwa msewu. Apitiriziranji? Mfumuyo idaikanso ansembe osachokera ku fuko la Levi, nisintha ndi mwezi wa chikondwerero womwe. Zonse zidapepuka, ndipo anthu adatsatira. Koma mabuku a Mafumu akamaweruza mafumu a Israele amene adadza pambuyo pake, amabwerezabwereza dzina la Yerobiamu ngati munthu amene adachimwitsa mtundu wonse. Kufupika kwa njira pakokha sikudayeretse guwa la ku Beteli.

Komabe nkhani ya Yerusalemu isatiganizitse kuti Aisraele ankayenda ulendo wautali sabata iliyonse. Chilamulo, pa Deuteronomo 16, chidalamula amuna kukaonekera pamaso pa Yehova katatu pachaka: pa chikondwerero cha mikate yopanda chotupitsa, cha masabata ndi cha misasa. Elikana ndi Hana ankapita ku Silo chaka ndi chaka. Pofika nthawi ya Ambuye Yesu, m'midzi mudali masunagoge, ndipo Luka akutionetsa zizolowezi ziwiri m'banja limodzi. Pa mutu 2, Yosefe ndi Mariya amapita ku Yerusalemu chaka chilichonse pa Paskha, ulendo wa makilomita oposa 100, wa masiku angapo. Pa mutu 4, Yesu akulowa m'sunagoge wa ku Nazarete tsiku la Sabata, ndipo Luka akuti chimenechi chidali chizolowezi chake.

Tiimepo pang'ono pa sunagoge ameneyu. Nazarete udali mudzi wonyozeka, moti Natanayeli adakayika ngati kumeneko kungachokere kanthu kabwino. Aphunzitsi otchuka a chilamulo adali ku Yerusalemu. Koma Mwana wa Mulungu adakulira m'mudzi umenewo, kumvetsera anansi ake, alimi ndi amisiri, akuwerenga malemba amene iye ankawadziwa kuposa onse. Ife timakumbukira zimenezi nthawi zonse tikamva Mkhristu akuti, "Abusa, patchalitchi cha pafupipa sindikhuta." Mawu amenewa nthawi zina amakhala oona, ndipo tibwererako. Koma nthawi zambiri wonenayo sadakhalepo miyezi itatu. Ayuda adali ndi muyeso wotchedwa ulendo wa tsiku la Sabata, umene Machitidwe 1 akuutchula ponena za mtunda wa pakati pa Yerusalemu ndi Phiri la Azitona. Udali mikono 2,000, pafupifupi kilomita imodzi. Mpaka lero Ayuda osunga mwambo sakwera galimoto pa Sabata, kotero pofuna nyumba amayamba afunsa kumene kuli sunagoge. Ife timayamba tagula puloti, za tchalitchi tidzaziona tikasamuka.

Chipangano Chatsopano chidamasula nkhani ya malo opatulika. Mayi wa ku Samariya, pa Yohane 4, adafunsa ngati malo oyenera kupembedzerapo ndi phiri la makolo ake kapena Yerusalemu, ndipo Ambuye adamuuza kuti nthawi yafika pamene chofunika ndi kupembedza mumzimu ndi m'choonadi. Mu chaka cha 70 Aroma adagwetsa Kachisi wa ku Yerusalemu, koma mpingo sudagwe naye, pakuti unkasonkhana m'nyumba za anthu: kwa Akula ndi Priskila, kwa Filemoni, kwa Mariya amake a Yohane Marko. Palibe tsono tchalitchi, kaya cha ku Area 18 kaya cha ku Chilomoni, chimene dothi lake lili pafupi ndi kumwamba kuposa la chinzake.

Makolo athu m'chikhulupiriro kuno kwathu adayenda m'njira yofanana kwambiri ndi ya Aisraele aja. Mishoni zoyamba zidali zotalikirana. A Livingstonia adafika ku Cape Maclear mu 1875, nasamukira ku Bandawe mu 1881 ndi ku Khondowe mu 1894. A Blantyre adakhazikika mu 1876. A Dutch Reformed adayamba ku Mvera mu 1889, nafika ku Nkhoma mu 1896. Mkhristu wa kumudzi sakadatha kupita kumishoni sabata iliyonse. Chimene chidafalitsa Uthenga Wabwino ndi kasukulu ka m'mudzi, kofolera ndi udzu, kamene pakati pa sabata kankaphunzitsa ana kuwerenga ndipo Lamulungu kankasanduka nyumba ya mapemphero, mphunzitsi yemweyo nakhala mlaliki. Ulendo wautali unkabwera pa nyengo ya Mgonero ndi ubatizo. Anthu ankasenza ufa ndi mphasa, kuyenda tsiku lathunthu kapena awiri, kukagona m'misasa pafupi ndi mishoni. Msonkhano umene Donald Fraser adachititsa ku Ekwendeni mu 1898 udasonkhanitsa anthu zikwi, ndipo misonkhano yotere idapitirira zaka zambiri ku Loudon, kumene timati ku Embangweni. Akabwerera kwawo, Lamulungu lotsatira ankapezekanso m'kasukulu kaja, pakati pa anthu amene ankalima nawo malire.

Kusankha kumene kukutisautsa lero iwo sadakudziwe kwenikweni. Mishoni zikuluzikulu za Chipulotesitanti zidagwirizana malire, kotero kuti kwa ambiri mudzi umene munthu wabadwira ndiwo unkamusankhira mpingo. Masiku amenewo adapita. Mpingo wa CCAP udapangidwa mu 1924 pamene Blantyre ndi Livingstonia adagwirizana, ndipo Nkhoma idalowa mu 1926. Koma mkangano wa malire pakati pa Sinodi ya Livingstonia ndi ya Nkhoma, umene udakula kumadera a Dwangwa, udafika poti Livingstonia ili ndi mipingo mu Lilongwe ndipo Nkhoma ili nayo ku Mzuzu. Mlandu umenewo sitiuweruza pa tsamba lino. Tikungoona zotsatira zake pa banja wamba: anthu awiri oyandikana nyumba, onse a CCAP, amatuluka m'mawa wa Lamulungu wina kulowera kum'mawa wina kumadzulo, aliyense akulambalala kachisi wa mnzake. Onjezanipo mipingo ya Chipentekoste ndi mautumiki amene adachuluka kwambiri kuyambira m'zaka za m'ma 1990, opempherera m'makalasi a sukulu ndi m'maholo, mupeza kuti munthu wa mumzinda amadutsa makomo a matchalitchi angapo asanafike pa lake.

Nanga muyeso ndi uti? M'sukulu za ubusa timaphunzira kuti okonzanso mpingo a m'zaka za m'ma 1500 adafunsidwa funso lofanana nalo: pakati pa misonkhano yambiri yodzitcha mpingo, Mkhristu adziwe bwanji woona? Chivomerezo cha ku Scotland cha mu 1560 ndi cha Belgic cha mu 1561, chimene adalemba Guido de Brès, zonse zimatchula zizindikiro zitatu: kulalikidwa koona kwa Mawu a Mulungu, kuperekedwa koyenera kwa masakramenti, ndi kusungidwa kwa mwambo wa mpingo. Zizindikiro ziwiri zoyambazo munthu angaziyese ngakhale ali mlendo wokhala pa benchi ya kumbuyo. Ulaliki wabwino mungaumve ndi pa wailesi pomwe. Koma chachitatu chimafuna kuti munthu adziwike. Ambiri akamva za mwambo wa mpingo amangoganiza za kudulidwa. Kudula ndi mathero chabe a ntchito yaikulu ya kuyang'anirana: mkulu wa mpingo kudziwa kuti m'nyumba yakutiyakuti mwalowa mowa, kuti mwana wa auje wasiya kalasi, kuti mayi wamasiye uja wagona ndi njala, ndi kufika pakhomopo zinthu zisanaipe. Mkulu wa mpingo amene amakuonani maola awiri pa sabata, mutavala suti, sangadziwe zimenezi.

Mipingo yosiyana kwambiri pa chiphunzitso idafika pa mfundo imodzimodzi pa nkhaniyi. Mu 1819 Thomas Chalmers, mbusa wa ku Scotland, atatenga parishi ya St John's mumzinda wa Glasgow, ya anthu pafupifupi 10,000, ambiri a iwo osauka, adaigawa m'zigawo 25, chilichonse ndi dikoni wake woyenda khomo ndi khomo. Milaga yathu imagwira ntchito yomweyo. Abale athu a Katolika nawo m'zaka za m'ma 1970 adakhazikitsa miphakati, ntchito imene Bishopu Patrick Kalilombe wa ku Lilongwe adailimbikitsa kwambiri. Onsewa adaona kuti mpingo wosonkhana Lamulungu umaima pa timagulu ta anthu oyandikana nyumba, odziwana mayina a ana.

Chifukwa chake ife timalangiza mabanja kuti asayese tchalitchi ndi Lamulungu lokha. Lamulungu m'mawa mtunda suvuta kwenikweni. Munthu wasamba, wavala, mtima uli m'malo. Yesani ndi Lachiwiri usiku, pamene mwana watentha thupi, bambo ali kuulendo, ndipo pakufunika wina woperekeza mayi kuchipatala ndi wina wotsala ndi ana. Ndani adzafike? Yesani ndi masana a pakati pa sabata, pamene amayi a Mvano, a Chigwirizano kapena a Umanyano akukumana, ndi madzulo pamene kwaya ikuphunzira nyimbo. Kodi mtsikana wa zaka 14 angabwerere yekha kuchokera kutsidya la mzinda dzuwa litalowa? Yankho la makolo anzeru limakhala lakuti asapite. Motero mwanayo amakula ali mlendo pa mpingo wa makolo ake, kumene sadziwana ndi anzake a msinkhu wake, komanso ali mlendo pa mpingo wa pafupi, kumene kuli anzake a kusukulu koma iye salowako. Bambo ndi mayi ali ndi zaka 20 za chikumbukiro zowamangirira kutchalitchi chakale. Mwanayo alibe. Akadzafika zaka 18 sadzavutika kuchoka, pakuti palibe chomugwira. M'mera mpoyamba.

Tiwerengenso ndalama, pakuti Ambuye mwini adalangiza kuti womanga nsanja ayambe wakhala pansi ndi kuwerengera mtengo wake. Banja la anthu 6 limene likwera minibasi ziwiri popita ndi ziwiri pobwerera limalipira mipando 24 Lamulungu limodzi, pafupifupi 100 pa mwezi. Ndi mabanja angati angakwanitse? Chimene chimachitika tonse tikuchidziwa. Kumayambiriro kwa mwezi banja lonse lipita. Pakati pa mwezi apita makolo okha. Kumapeto apita bambo yekha, kukaimira onse, ngati kuti kupembedza ndi msonkhano wa mfumu kumene nyumba iliyonse itumiza mmodzi. Amene ali ndi galimoto nawo adaphunzirapo kanthu pa kusowa kwa mafuta mu 2011 ndi 2012, ndiponso m'zaka zotsatira 2022, pamene Lamulungu lina lidathera pa mzere wa pafilingi siteshoni. Kwacha itatsika mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo ya maulendo idakwera, ndipo ndalama imene ikadalowa m'mbale ya chopereka idatsalira kwa kondakitala.

Masiku a tsoka ndiwo amaulula bwino zonsezi. Mu 2020, mliri wa Covid-19 utafika, boma lidaletsa misonkhano ya anthu oposa 100, ndipo matchalitchi akuluakulu adayenera kugawa mapemphero kapena kubwerera ku timagulu ta m'makomo. Amene adali ndi mlaga pafupi adapitiriza kupemphera ndi anzawo. Amene adalibe adatsala ndi foni m'manja. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy adagwetsa matope ndi miyala kuchokera m'phiri la Soche kulowa ku Chilobwe, nawononganso ku Mulanje, ku Phalombe ndi ku Chiradzulu, ndipo anthu mazanamazana adataya miyoyo. Misewu ndi milatho zitaduka, opulumuka adathawira m'sukulu ndi m'matchalitchi amene adali pafupi, ndipo palibe amene adafunsidwa pakhomo kuti dzina lake lidalembedwa ku mpingo uti.

Pali chifukwa china chimene anthu sachinena msanga, koma chimatuluka mukacheza nawo nthawi yaitali: maliro. Munthu amati, "Kumeneko ndiye amandidziwa, ndikadzafa adzandiimbira." Sitikunyoza maganizo amenewa, pakuti palibe amene amafuna kuikidwa ngati mlendo. Koma taonani m'mene maliro amayendera. Uthenga ukamveka pakati pa usiku, oyamba kufika ndi anansi. Ndiwo amatulutsa mipando, kutunga madzi, kusonkha moto, kugona pasiwa. A mpingo wakutali amafika m'mawa kapena masana, atasonkherana ya galimoto, ndipo dzuwa likapendeka amayamba kuyang'ana nthawi. Maliro n'kulirana. Ngati inu simudagonepo pasiwa ya m'dera lanu chifukwa Chikhristu chanu chonse chili kutsidya la mzinda, anansiwo adzabwerabe, chifukwa ndi anthu, koma adzabwera ngati kwa munthu wosamudziwa.

Tikatero, kodi tikuti aliyense wopita kutali walakwa? Ayi ndithu. Zilipo zifukwa zimene ife timazilemekeza. Choyamba ndi chiphunzitso. Ngati pafupi akulalikira kuti madalitso amagulidwa, kapena akuuza odwala kuti ataye mankhwala a kuchipatala, kapena mtsogoleri wadziika pamalo a Khristu, yendani, ngakhale mapazi atupe. Chikumbumtima cha munthu pa nkhani za ubatizo, Mgonero kapena tsiku lopembedza nachonso sichiyenera kuthyoledwa chifukwa cha makilomita. Kumudzi zimenezi n'zodziwika: anthu amawoloka mtsinje m'nyengo ya dzinja, nsapato zili m'manja, kuti akafike ku mpingo wawo, ngakhale kachisi wa mpingo wina ali kuseri kwa nyumba. Chilankhulo ndi chifukwa chinanso. Gogo wa ku Rumphi amene wakhala zaka 70 akupemphera m'Chitumbuka, kapena wa ku Nkhata Bay m'Chitonga, samva kukoma komweko m'chinenero china, ndipo pa Pentekoste Mzimu Woyera adalankhula ndi aliyense m'chinenero cha kwawo. Munthu wosamva amene wapeza tchalitchi chokhala ndi womasulira m'chinenero cha manja ali ndi chifukwa chokwanira. Wina adapwetekedwa pa mpingo wa pafupi, nkhani yake idakankhidwira pansi pa mphasa chifukwa wolakwayo ngwamphamvu. Ameneyo tisamuumirize kukhala pa benchi imodzi ndi womuzunza. Ndipo alipo amene amapita kutali kukatumikira, kukagwiriziza kanyumba ka mapemphero kamene kalibe wowerenga Mawu. Amenewo Mulungu awawonjezere mphamvu.

Koma tiyeni tinene zoona pakati pathu, abale. Maulendo ambiri a Lamulungu sachokera pa zifukwa zimenezi. Ena akuthawa kudziwika. Pafupi amadziwa za mkazi wachiwiri, za ngongole yosabweza, za phokoso la usiku m'nyumbamo. Kutali amangodziwa kuti bambowa amapereka bwino. Ena adadulidwa, ndipo m'malo molapa ndi kubwezeredwa adangosintha msewu. Ena akutsata anthu a msinkhu wawo pa chuma. Tchalitchi cha pafupi n'cha fumbi, mabenchi ake ngosapala, ndipo amene amawerenga Mawu ndi mlonda wa pakampani pomwe iwo ali bwana. Kalata ya Yakobo, pa mutu 2, idadzudzula kale msonkhano umene umapatsa wovala mphete yagolide mpando wabwino ndi kuimika wosauka kumbuyo. Ife tapeza njira yaulemu yochitira zomwezo, pakungosiyana matchalitchi. Ena akutsata mlaliki, monga Akorinto amene adagawikana pa Paulo, Apolo ndi Kefa, ndipo mbusayo akasamutsidwa iwo amasamukanso. Chaka chino ali uku, chaka chamawa ali uko. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi adagwa chagada.

Palinso chikhulupiriro chobisika chakuti mphamvu ya Mulungu imakula ndi mtunda, kuti pemphero la munthu wa kutali limafika msanga kuposa la mkulu wa mpingo amene timagula naye tomato pamsika umodzi. Chikhulupiriro chimenechi chayendetsa anthu a m'chigawo chino cha Africa maulendo odula, ena atagulitsa katundu. Pa 12 Seputembala 2014 nyumba ya alendo ya Synagogue Church of All Nations ku Lagos, m'dziko la Nigeria, idagwa ndi kupha anthu oposa 110, ndipo oposa 80 mwa iwo adali ochokera ku South Africa. Sitikutchula izi poweruza omwalirawo. Ambiri adapita ndi matenda ndi misozi yeniyeni. Tikungofunsa kuti chidasowa n'chiyani m'mipingo ya kwawo kuti munthu aone ngati Mulungu amamva bwino kutsidya la mayiko angapo. Funso limenelo likuloza ife abusa poyamba. Yakobo yemweyo, pa mutu 5, akulangiza wodwala kuitana akulu a mpingo kuti adzamupempherere, ndipo kuitana kotere kumatheka pamene akuluwo ali pamtunda woti angafike.

Mabanja ena amayesa kugwira zonse ziwiri. Dzina lili kutchalitchi chakale, thupi limapezeka pafupi mvula ikagwa kapena ndalama ikasowa. Kwa miyezi yochepa, pamene banja likuyang'ana, zimenezi n'zomveka. Zikakhalitsa, mapanga awiri avumbwitsa. Kutali amayesa kuti mukupemphera pafupi, pafupi amakuyesani alendo, ndipo mukasowa milungu isanu palibe amene amazindikira. Ngati mwasankha kukhalabe kutali, walira mvula walira matope: khalani membala weniweni, wopezeka pa misonkhano, wodziwika kwa mkulu wa mpingo amene wafikapo pakhomo panu. Pemphani kuti mpingo wanuwo uyambitse mlaga m'dera lanu latsopano, ndipo nyumba yanu ikhale yoyamba kuulandira. Matchalitchi ambiri amene tikuwaona m'mizinda adayambira pabalaza pa munthu wina motero. Ngati mwasankha kulowa pafupi, musachoke mozemba. Pitani mukatsanzike, mutenge kalata yosamukira, muthokoze amene adakulerani. Tchalitchi chakalecho chikhale ngati Yerusalemu wanu, kumene mudzabwerera pa masiku akulu, pa ukwati wa mwana wa mnzanu, pa chitsitsimutso.

Kwa anzathu abusa ndi mabwalo a mipingo tili ndi mawu awiri. Tamva madandaulo a Akhristu amene apempha kalata yosamukira n'kumangouzidwa kuti abwere mwezi wamawa, ndipo wochedwetsedwayo nthawi zambiri amakhala wa chakhumi chonenepa. Wosauka kalata yake imatuluka tsiku lomwelo. Nkhosa n'za Mwini wake, ndipo mbusa amene akuona kuti banja lasamukira kutali ayenera kukhala woyamba kufunsa ngati ana akufikabe ku Sande Sukulu, ndi kulembera mnzake wa kuderalo kuti akaliyendere. Ndipo inu a mpingo wolandira, mlendo akaimirira ndi kutchula dzina lake, kuwomba m'manja sikukwanira. Wina amuperekeze, aone pamene akukhala, amuuze tsiku la mlaga. Mabanja ambiri amene amabwerera kutchalitchi chakale adayesapo pafupi milungu itatu kapena inayi, ndipo palibe amene adawafunsa kuti amakhala nyumba iti.

Pali gulu limodzi limene timaligwira mosamala koposa: okalamba amene ana awo awatenga kumudzi kudzakhala nawo m'tauni chifukwa cha matenda. Gogo wotere wasiya tchalitchi chimene adachiumbira njerwa ndi manja ake, kumene benchi yake ikudziwika ndipo mwamuna wake adaikidwa chapafupi. Kumuuza kuti asamutse dzina lake kumamveka ngati kumuuza kuti kwawo sadzabwererakonso, ndipo ena amakana mpaka misozi. Musalimbane nawo. Pitani inu ana kwa abusa a pafupi, mufotokoze, mupemphe kuti akulu a mpingo ndi amayi azidzawayendera, ndipo pa nyengo ya Mgonero abusa adzawapatsire m'nyumba ngati sangathe kuyenda. Mbusa wa kumudzi angalembe kalata yowadziwitsa kwa mnzake wa m'tauni popanda kufafaniza dzina lawo m'kaundula. Ndipo mukamawaperekeza kumudzi nthawi yokolola, konzani ulendowo kuti Lamulungu likawapeze kumeneko.